Tsamba Lachitatu la Lipoti la Phungu

Aphunzitsi Iorfa anawapeza atafa m'munda mwawo mwa malalanje Loweruka masana, nthawi imene anthu a ku Tse-Ngur ankabwerera kumsonkhano wa phungu, aliyense atanyamula paketi ya mchere ndi kalendala ya nkhope ya Olemekezeka.

Sajeni Iveren anafika pa njinga yamoto, thukuta lili kamukamu. Anadutsa pakati pa azimayi amene anali atayamba kale kulira pabwalo, n'kulowera kuseri kwa nyumba. Nkhalambayo inagona chammbali pafupi ndi chitsime, itavala nsalu yake ya pamwambo ya mizere yakuda ndi yoyera. Pamkombero wa simenti wa chitsimecho panali magazi. Koma thupi silinali pamenepo. Linali mapazi asanu kuchokera pachitsime, ndipo m'fumbi munali mkukuluzi woloza kunyumba.

"Sanafe nthawi yomweyo," anatero dokotala wa pachipatala chaching'ono, akuvula magolovesi. "Anakwawa. Mwina anakhala ola lathunthu akupuma. Akanapezeka msanga, kaya."

Iveren ananjuta. Munthu ameneyu ndiye anamuphunzitsa kugwira pensulo. Ndiye anapita kwa amayi ake kukawakalipira pamene ankafuna kumusiyitsa sukulu kuti azikagulitsa nawo zilazi. M'thumba mwa malemuwo anapezamo foni, magalasi ndi bolopeni yofiira yopanda chivindikiro. Foni inaonetsa kuti womaliza kuimba anali phungu, hafu pasiti naini. Pepala munalibemo ngakhale limodzi.

Mayi Ngodoo, mkazi wa malemu, anakhala pakhonde atatambasula miyendo, maso ali gwa. Sankalira. Ankalankhula ngati mwamuna wawo ali m'chipinda akumva.

"Ndinawauza, bambo inu, tiyeni tipitire limodzi. Akuti ayi, ndiyambe ndawerengera mitengo yanga. Chaka chilichonse ndi momwemo, mwana wanga. Phungu amatumiza lipoti lake m'Chingerezi, iwo amalimasulira m'Chitivi, chinenero chathu, ndi dzanja lawo, ndiye asanakawerenge pagulu amayamba aimirira kumundako, kuwerengera malalanje ngati ana a sukulu. Ine ndinachoka seveni koloko kukathandiza kuphikira alendo. Ndinawasiya akulowa m'munda, mapepala ali m'manja."

"Nanga atapanda kufika kumsonkhano, simunadabwe?"

"Analengeza pachimkuzamawu kuti Aphunzitsi sakupeza bwino, atumiza mapepala okha. Ndinati ndi shuga wawo uja, akadya adzuka. Ndinali ndi chikombe m'manja, anthu mazana atatu akudikira mpunga." Anayang'ana manja awo. "Ndinkagawa mpunga ine, mwanawe. Iwo akukwawa m'fumbi, ine ndikugawa mpunga."

Iveren anawagwira dzanja, n'kudikira.

"Masiku apitawa panali chimene chinkawavuta?"

"Lachinayi lipoti litabwera, sanadye. Anandiuza kuti, Ngodoo, lero ndawerenga chinthu chimene ndikanakonda ndikanakhala mbuli. Lachisanu anakwera njinga kupita kumsika. Anabwerako opanda kanthu, ngakhale tomato mmodzi. Munthu amapita kumsika kukangoona anthu?"

"Ndiye mapepala aja anakafika bwanji kumsonkhano?"

Mayi Ngodoo anatembenuka, kumuyang'ana koyamba.

"Funso limenelo ndimati undiyankhe ndiwe."

*

Kunyumba kwa phungu magalimoto anali atayang'ana kale kumsewu wa kulikulu. Sesugh, mlembi wa Olemekezeka, anali kulongedza makalendala otsala. Anali munthu wamfupi, wa nsapato zosongoka, wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Sajeni, ine ndisanamiziridwe chilichonse, ndanena poyambirira. Ine ntchito yanga ndi pulogalamu. Leveni koloko yatsala pang'ono, mafumu akhala, ovina atopa, wowerenga kulibe. Mukanatani inu? Mapepala atangofika ndinatenga chimkuzamawu n'kuwerenga ndekha. Ndipo anthu anaomba m'manja, funsani aliyense, anaomba kwambiri."

"Ndionetseni mapepalawo."

Anali masamba a m'kope la ana a sukulu, olembedwa ndi inki yabuluu, zilembo zoima bwino zimene Iveren akanazidziwa ngakhale patali. Tsamba loyamba linali moni ndi chiwerengero cha ndalama zimene Nyumba ya Malamulo ya chigawo inagawira dera lawo. Lachiwiri linkanena za milatho iwiri ndi denga la chipatala. Lotsatira linkayamba ndi ngongole za mbewu za magulu a azimayi. Lomaliza linali la mpikisano wa mpira ndi tsiku losesa tauni.

Iveren anawerenga manambala a pamwamba. Wani, thu, folo, faifi.

"Lachitatu lili kuti?"

"Ndinaona, Sajeni, sindikana. Koma ndinaona ndili kale pakati, anthu akundiyang'ana. Ndikanaima n'kunena kuti pepani, tsamba lasowa? Pamaso pa Olemekezeka? Ndinangolumpha ngati munthu wolumpha ngalande."

"Anabweretsa mapepalawa ndani, nthawi yanji?"

"Cha m'ma twente tu leveni."

"Ndati ndani."

Sesugh anayamba kuwongola makalendala amene anali owongoka kale. "Sajeni, kupolisi kwanu kulibe wina amene angagwire nkhaniyi? Sikuti ndikukuderani, ayi."

"Bambo, dzina."

"Ndi munthu wodalirika, aliyense amamutuma. Ndiye anandiuza kuti Aphunzitsi mutu wawavuta." Anatsitsa mawu. "Ndi achimwene anu, a Terver."

*

Iveren anadziuza kuti palibe chodabwitsa. Terver ndi amene tauni yonse inkamutuma. Pamaliro ndiye wokhoma matenti, paukwati ndiye wobwereka mipando. Ankadziuza zimenezi mpaka pamene anamulowetsa m'chipinda chochezera, mmene Olemekezeka Orngu Tyav anakhala atavula chipewa, mapazi ali m'beseni la madzi.

"Dera lathu lataya mzati," anayamba phunguyo, ndi mawu a pansanja. "Ndauza kale a m'banja kuti bokosi ndi ng'ombe ndi za ine. Munthu ameneyu anali mlatho pakati pa boma ndi anthu."

"Olemekezeka, munawaimbira foni hafu pasiti naini. Munkafuna chiyani?"

"Kanthu kakang'ono. Mphoto ya mpira inali mbuzi ziwiri, ndiye m'galimoto ndinaganiza kuti ayi, chaka chino ikhale ng'ombe. Ndinawauza kuti awonjezere. Anati dikirani nditenge cholembera, n'kundiwerengera mmene alembera. Anali bwinobwino, ankaseka."

"Lipoti la Chingerezi muli nalo?"

Phunguyo anakodola Sesugh, amene anabweretsa mapepala otayipa. Iveren anatsetsereka ndi chala kudutsa milatho, kudutsa denga la chipatala. Pamene anafika pa ndime yotsatira, chala chinaima.

Ndimeyo inkati msonkho wa pamsika wa zilazi, wa ndalama zokwana manaira mazana asanu pa mulu uliwonse, unathetsedwa ndi Nyumba ya Malamulo kuyambira pa 1 Januwale, ndipo phungu ankanyadira kuti alimi ndi amalonda a dera lake apuma kwa miyezi khumi ndi umodzi tsopano.

"Bilu imeneyo ndinaimenyera nkhondo ndekha," anatero phunguyo. "Ndinadabwa kuti sanaombere m'manja pamenepo. Kapena ndinali pafoni."

"Sanaombe chifukwa sizinawerengedwe. Olemekezeka, azimayi a pamsika akulipirabe msonkho umenewu. Sabata iliyonse. Alipira ngakhale Lachitatu lapitali."

"Zosatheka! Kalata inapita kukhonsolo mu Disembala."

"Inu munabwera liti kuno komaliza?"

Phunguyo anayang'ana mapazi ake m'beseni muja. Pamene analankhulanso, mawu a pansanja aja anali atathawa.

"Chaka chatha, ngati lero lomwe. Ndinkati akudziwa. Ndinkati akundithokoza mumtima." Anapukusa mutu. "Ndiye ndalamazo amatolera ndani?"

Sesugh anayang'ana kudenga. M'chipindamo aliyense kupatula phungu ankadziwa amene amayenda pakati pa milu ya zilazi Lachitatu lililonse, buku la malisiti lili m'khwapa.

*

Iveren anawapeza amayi ake pashedi yawo kumsika, akufunditsa zilazi ndi udzu kuti zisapse ndi dzuwa. Maso awo anali ofiira.

"Wamva za Aphunzitsi? Dziko ili! Ndikutseka, ndikupita kumaliro. Iwe wadya koma? Taona khosi lakolo, ngati la nkhuku ya m'chilimwe. Apolisi sakupatsani chakudya?"

"Amayi, malisiti a msonkho mumasunga?"

"Ndingataye ine? Kuti mawa adzati sindinalipire?" Anatulutsa chitini chakale cha mkaka. Munali timapepala tachikasu todzaza mpaka pakamwa. "Onse ali umu. Mchimwene wakoyo sadziwa kuti uyu ndi mayi anga. Ndikamuuza kuti lero malonda sanayende, amati, Amayi, boma lilibe mayi. Ndimamutukwana, koma mumtima ndimati ndinabala mwana woongoka."

Iveren anatenga kalisiti kamodzi. Chidindo cha khonsolo chinalipo, siginecha ya Terver inalipo, deti linali la mwezi womwewo.

"Lachisanu Aphunzitsi anabwera kuno?"

"Anabwera. Anandifunsa ngati iwe, za malisiti zomwezi. Anatenga kamodzi, kukayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti Terver ali kuti. Ndinawaona ataima awiri kuseri kwa malole. Aphunzitsi akulankhula, mchimwene wako atawerama ngati mwana wa sitandade wani. Ndinati kaya akumulangiza za ukwati, pajatu wachedwa." Anamuyang'anitsitsa mwana wawo. "Bwanji? Wangoti zii bwanji?"

"Palibe, Amayi. Ndibwerekeni kamodzi aka."

"Tenga khumi. Ndiphikira supu timapepala?"

Iveren anayenda mpaka kuseri kwa malole kuja, kumene kunalibe munthu, n'kutsamira tayala. Bambo awo atamwalira, Terver anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anasiya sukulu yekha, osauzidwa, n'kuyamba kusenza zilazi kukweza m'malole kuti mlongo wake apitirize. Nsapato zoyamba zimene Iveren anavala popita kumaphunziro a upolisi anagula ndi iyeyo, zazikulu nambala imodzi, akuti phazi likula.

Anaimbira mkulu wake wa ntchito n'kumuuza zonse, osabisa dzina.

"Ubwere nazo kuno, nkhaniyi si yako tsopano," anatero Insipekitala.

"Bwana, ndipatseni mpaka mawa masana. Mukatumiza galimoto, athawa. Ine sangandithawe."

*

Lamlungu m'mawa anthu atatuluka m'tchalitchi, onse anakhamukira kunyumba ya Aphunzitsi. Iveren anamupeza Terver ali pamwamba pa makwerero, akumanga chingwe cha tenti, akulamula anzake mokweza.

"Kokani uko, inu! Mukufuna igwere azimayi? Aa, boma lafika! Sajeni wanga, tagwira mtengo uwu, yunifomu sithothoka."

"Achimwene, tsikani. Ndikufuna tikambe."

"Ndimalize kaye."

"Tsikani."

Anamutsogolera kuseri, m'munda mwa malalanje. Terver anayenda akuseka, akukamba za mtengo wa mipando yobwereka, koma atayandikira chitsime anaima patali, n'kuyang'ana kumbali.

"Mapepala a Aphunzitsi munawatenga nthawi yanji?"

"Eyiti koloko. Ndinkadutsa pamsewu apo, anandiitana pageti. Akuti mutu ukuwawa, kapereke kwa Sesugh. Ndinaika m'thumba, n'kupita kubwalo kukandandalika mipando. Funsa aliyense, anthu makumi awiri anandiona. Ndinachita kuiwala, ndinakumbuka mochedwa."

"Simunachokepo pabwalo?"

"Kupita kuti? Mwina kukatenga zingwe, kamphindi."

"Ndipo kuchokera eyiti koloko mapepala anali m'thumba mwanu."

"Ndanena kale. Iwe, ukundifunsa ngati wakuba bwanji? Ndine Terver, amene ndinkakubereka kumsana."

Iveren anatulutsa tsamba lomaliza lija, n'kulitambasula.

"Werengani pansi apa."

Tsamba lonse linali la inki yabuluu. Koma pansi penipeni, mawu akuti mbuzi ziwiri anali atakhwatchidwa, ndipo pamwamba pake panalembedwa mofiira, ndi dzanja lomwelo: ng'ombe imodzi.

"Phungu anaganiza za ng'ombe ali m'galimoto. Anawaimbira hafu pasiti naini, iwo n'kulemba ali pafoni. Bolopeni yofiira ndinaipeza m'thumba mwawo. Achimwene, analemba bwanji papepala limene linali m'thumba mwanu?"

Terver anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kubwalo azimayi anayamba nyimbo. Terver anakhala pansi, m'fumbi.

"Ndinati mwezi umodzi wokha," anatero, mawu ali pansi. "Januwale yekha. Bwana wa kukhonsolo anandiitana, akuti kalata yabwera koma ili m'dirowa mwanga, anthu akumudzi sawerenga za kulikulu. Mabuku a malisiti alipo ambiri. Iwe tolera, magawo awiri anga, limodzi lako. Ndinali ndi zaka makumi anayi, Iveren, ndilibe ngakhale khomo langa. Febuluwale anafika, palibe anafunsa. Malichi."

"Amayi ankalipira."

"Ndikanawasiya, ena akanafunsa chifukwa chake." Anadziphimba kumaso. "Ndinkawagulira sopo ndi ndalama zawo zomwe, iwo n'kumandidalitsa."

"Nanga Aphunzitsi?"

"Lachisanu anandiuza kuti, mwana wanga, ine sindidumpha mzere. Chimene chalembedwa ndiwerenga. Koma ndikupatsa usiku umodzi. Ubwere mawa, uime pambali panga, unene wekha pamaso pa anthu, ine ndikupepesera. Dzulo ndinachoka pabwalo cha m'ma teni, ndinadzera njira ya kumunda. Ndinawagwadira apa. Ndinati Aphunzitsi, tsamba limodzi lokha, ndibweza pang'onopang'ono. Anati dzuka, tiye. Anandigwira dzanja ngati kale. Ine ndinangofuna mapepala. Ndinakoka, iwo anakoka, ndinawakankha."

Anasonya chitsime ndi chibwano, osachiyang'ana.

"Anali chete. Ndinati afa. Ndinathawa."

"Sanafe."

Terver anadzutsa mutu.

"Anakwawa kuchoka apo kufika apa," anatero Iveren, akuloza pansi pafupi ndi pamene mchimwene wake anakhala. "Dokotala akuti anapuma ola lathunthu. Chipatala chili apo, achimwene, munthu ukhoza kukuwa pano, amene ali pakhonde pake n'kumva. Inu munali pabwalo, mukuomba m'manja."

Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwa Terver sikunali kwa munthu wamkulu. Anagwa chafufumimba, akukanda fumbi ndi zala. Iveren anamusiya alire. Anafuna kumugwira paphewa, dzanja linakana. Anafuna kumumenya, dzanja linakananso.

Patapita nthawi Terver anadzuka, n'kupisa dzanja m'thumba la kumbuyo. Anatulutsa pepala lopindapinda, lonyowa ndi thukuta: tsamba lachitatu lija.

"Ndinayesa kuliwotcha kawiri. Ndi zilembo zawo." Analipereka. "Uli ndi unyolo?"

"Ndausiya dala. Tiyenda wapansi. Dzina la bwana wa kukhonsolo mukalinena kupolisi, lonse, ndi masiku ake."

"Tidzere kumunda, mlongo wanga. Chonde. Amayi ali pabwalopo."

Iveren anayang'ana kanjira kolowera m'chinangwa, kamene mchimwene wake anadzera dzulo lake. Anapukusa mutu.

"Njira imeneyo mwadzera kale."

Anamugwira pamkono, n'kutulukira naye pabwalo.

Mayi Ngodoo ndiwo anayamba kuwaona. Anali pamphasa pakati pa azimayi, atavala zakuda tsopano. Anatambasula dzanja.

"Terver, mwana wanga, bwera. Kuyambira dzulo sunakhale pansi, matenti, mipando, nkhuni. Mulungu akubwezere. Ana athu ali kutali, afika Lachinayi. Ndimati iwe ukhale kutsogolo ponyamula bokosi la aphunzitsi ako. Ankakukonda, ngakhale unkathawa masamu."

Terver anagwada pansi pamaso pa mayiyo.

"Amayi," anatero Iveren, "sadzakhalapo."

"Akupita kuti?"

Nyimbo inayamba kuzilala, mzimayi mmodzi, kenako wina, mpaka pabwalo ponse panangoti zii. Kumapeto kwa mphasa amayi awo a Iveren anaimirira pang'onopang'ono. Sanayang'ane nkhope ya mwana wawo wamwamuna, kapena ya wamkazi. Anayang'ana dzanja la Iveren, mmene linagwirira mkono wa mchimwene wake, kagwiridwe kamene anakaonapo kambirimbiri pamsika akagwidwa wakuba.

"Iveren," anaitana chapansipansi. "Musiye mkono mchimwene wako."

"Sindingathe, Amayi."

"Ndati musiye."

"Sindingathe."

Mayiyo anayang'ana Mayi Ngodoo, mnzawo wa pa benchi imodzi kutchalitchi kwa zaka makumi atatu, n'kuyang'ananso mwana wawo ali chogwada m'fumbi. Anamasula mpango kumutu, naugwetsa pansi, n'kusenza manja. Anabwera kudzalira maliro a eni, koma mfuu imene anakuwa inali ya mayi amene maliro agwa m'nyumba mwake.

Iveren anamudzutsa mchimwene wake. Anthu anapatuka kuwasiyira njira, ndipo awiriwo anatuluka pageti kulowera kupolisi, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa msewu, dzuwa lili paliwombo.